Kodi Linux ingamangidwe popanda GCC? Yankho kwa aphunzitsi a ku Ngabu

Aphunzitsi ena a makompyuta pa sekondale ina ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, afunsa motere: "Ndimaphunzitsa ana a Fomu 3 ndi 4, ndipo ndili ndi laputopu yakale ya RAM ya 4 GB yomwe ndinaikamo Debian. Ndimamva kuti Linux imamangidwa ndi GCC ndi zida za GNU basi. Kodi n'zotheka kumanga operating system yoti idzuke n'kugwira ntchito popanda zida zimenezi? Komanso mwana wina m'kalasi anandifunsa kuti, ngati compiler imamangidwa ndi compiler inzake, nanga yoyambayo inamangidwa ndi chiyani?"

Aphunzitsi, n'zotheka ndithu, ndipo laputopu yanuyo ntchitoyi ingaithe. Koma mafunso mwabweretsa awiri. Lanu likufuna kusinthanitsa zida, kuchotsa za GNU n'kuikapo zina. La mwana uja likufuna kuyamba manja ali m'khosi, popanda chida chilichonse. Ambiri amayesa kuti akachita choyambacho ndiye kuti achitanso chachiwiri, chonsecho njira ziwirizi penapake zimakanana. Ndifika pamenepo, koma tiyambe tazidziwa zidazo.

Munthu akalemba pulogalamu m'chiyankhulo cha C, walemba malemba chabe omwe purosesa singawamve. Compiler imawasandutsa malamulo a assembly, assembler n'kusandutsa malamulowo manambala omwe purosesa imamva, kenako linker n'kulumikiza zidutswa zonse kukhala fayilo imodzi yoti igwire ntchito. Pa Debian yanu, womwe ndi mtundu wina wa Linux, zimenezi zimachitidwa ndi GCC, compiler ya gulu la mapulogalamu aulere la GNU, yomwe Richard Stallman anaitulutsa koyamba mu 1987, pamodzi ndi as ndi ld za m'phukusi la binutils. Palinso glibc, library ya C yomwe pafupifupi pulogalamu iliyonse imadzeramo ikafuna kutsegula fayilo kapena kupempha memory kwa kernel, mtima wa operating system womwe umalamulira makinawo. Pali bash yomwe imalandira malamulo omwe mukulemba, pali coreutils komwe kumachokera ls, cp ndi cat, ndiponso pali make yomwe imayang'anira kuti chimangidwe choyamba n'chiti, chotsatira n'chiti.

Linus Torvalds polemba kernel yake ku Helsinki mu 1991 ankagwiritsa ntchito GCC, ndipo kwa zaka zoposa 20 GCC ndiyo inali compiler yokhayo yodalirika pomanga kernel imeneyi. Chifukwa chake n'chakuti kernel sinalembedwe m'C wamba. Inalembedwa m'C wokhala ndi zowonjezera za GCC, ndipo mpaka lero mukayang'ana m'Makefile yake mupezamo mawu oti gnu pamalo osankhira mtundu wa C. Compiler ina iliyonse yofuna kumanga Linux imayenera kuyamba yaphunzira zizolowezi za GCC.

Yomwe inaziphunzira mpaka kukwanitsa ndi Clang, compiler ya m'banja la zida zomangira mapulogalamu la LLVM. LLVM inayamba mu 2000 ku University of Illinois m'manja mwa Chris Lattner ndi Vikram Adve, ndipo Clang inatuluka mu 2007 mothandizidwa ndi kampani ya Apple. Panali zopinga ziwiri zikuluzikulu, ndipo mmene zinathera n'zophunzitsa. Choyamba, kernel inkagwiritsa ntchito ma array, ndiko kuti mindandanda ya zinthu m'memory, osadziwika kutalika kwake mpaka pulogalamu itayamba kugwira ntchito, ena mwa iwo ali m'kati mwa struct, mtolo wa zinthu zingapo zosungidwa pamodzi. Olemba Clang anakanitsitsa kuvomereza a m'kati mwa struct amenewo, ndiye anthu a kernel ndi omwe anagonja, n'kuwachotsa ma array onse otere pofika pa Linux 4.20 kumapeto kwa 2018. Chachiwiri chinali asm goto, njira yolola kachidutswa ka assembly kudumphira pamalo ena m'pulogalamu ya C. Apa Clang ndi yomwe inagonja, n'kuiphunzira mu Clang 9 ya mu 2019. Lero mukalemba make LLVM=1 ndiye kuti Clang yalowa m'malo mwa GCC, lld m'malo mwa ld, ndipo assembler ndi ya m'kati mwa Clang momwemo. Mafoni a Android a zaka zaposachedwa omwe ali m'matumba mwa anthu pa msika wa Ngabu, kernel yake inamangidwa ndi Clang, library yake ya C ndi Bionic osati glibc, ndipo ls ndi cp zake zimachokera ku Toybox. Ndiye kuti Linux yopanda zida za GNU mumaigwira m'manja tsiku lililonse.

Kunja kwa Linux, FreeBSD inatenga Clang kukhala compiler yake yaikulu pa makompyuta a x86 kuyambira pa FreeBSD 10.0 mu 2014, ndipo OpenBSD inatsatira mu 2017. Pa Linux ya pa kompyuta, yomwe yapita patali ndi Chimera Linux, yoyamba mu 2021: kernel ya Linux, Clang, library ya C ya musl, ndi timapulogalamu ta tsiku ndi tsiku totengedwa ku FreeBSD. Musaisokoneze ndi Alpine Linux. Alpine inachotsa glibc ndi coreutils, inde, koma imamangidwabe ndi GCC.

Tsopano pa laputopu yanu. Malangizo anga oyamba ndi oti musayese kumanga LLVM nokha kuchokera ku source code yake, malemba aja omwe olemba pulogalamu analemba. Ndi chimphona cholembedwa m'C++, chimadya memory makamaka pa nthawi yolumikiza, ndipo pa 4 GB mungotopetsa makina anu pachabe. Ikani clang, lld, llvm ndi compiler-rt kuchokera m'mapaketi a Debian. Muikenso flex, bison, bc, mafayilo a libelf ndi OpenSSL omangira mapulogalamu, ndi QEMU, yomwe imapanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwa yanuyo kuti muziyeseramo osakhudza diski yanu. Chodya bandulo kwambiri ndi mapaketi a LLVM ndi source code ya kernel, yomwe imaposa 100 MB itapanikizidwa. Source code ya musl ndi ya BusyBox zonse pamodzi sizifika 5 MB.

M'foda ya kernel lembani make LLVM=1 defconfig, kenako make LLVM=1 -j2. Ikatha mupeza fayilo ya bzImage mu arch/x86/boot. Pamenepa pali nkhani ya kuno kwathu kuchigwa yomwe mabuku olembedwa kumaiko ozizira sanena. Kumanga kernel kumagwiritsa purosesa ntchito mosalekeza, ndipo mwezi wa October ndi November, Ngabu ndi Nsanje zikamaposa madigiri 40, laputopu yakale yodzadza fumbi imayamba yachepetsa liwiro kuti idziteteze, ikapitirira kutentha n'kuzima yokha. Chotsani fumbi pa fani, muikweze kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo ntchitoyi muziiyamba m'bandakucha. Ndi chifukwa chakenso ndati -j2, kutanthauza ntchito ziwiri zokha nthawi imodzi, osati kupitirira apo. Magetsi akathima kapena batire ya sola ikatha musadandaule, make ikayambanso imapitiriza pomwe inalekezera. Pokhapokha ikayamba kudandaula za fayilo ina ya .o yomwe inadukizidwa ikulembedwa, ifufuteni imeneyo n'kuyambitsanso.

Kernel payokha ilibe choti ikuonetseni, imafuna mapulogalamu apamwamba pake. M'malo mwa glibc tengani musl, library ya C yomwe Rich Felker anaitulutsa mu 2011. Ndi yaing'ono, yowerengeka, ndipo imamangika ndi Clang mosavuta, pamene glibc kwa zaka zambiri inkafuna GCC basi. M'malo mwa bash ndi coreutils tengani BusyBox, fayilo imodzi yomwe imasanduka sh, ls, cp, mount, vi ndi zina zambiri kutengera dzina lomwe mwaiitanira. Bruce Perens anaiyamba m'zaka za m'ma 1990 kuti choikira Debian chikwane pa floppy imodzi. Tengani BusyBox yatsopano, chifukwa zakale zinali ndi kachenjerero kena ka pointer komwe GCC inkakalekerera koma Clang inkakasokoneza mpaka pulogalamu kugwa. Imangeni ikhale static, ndiko kuti musl ilowe m'kati mwake. Mukatero pangani foda yokhala ndi bin, proc, sys ndi dev, muikemo BusyBox, mulembe kafayilo ka init kokweza proc n'kutsegula sh, mumange zonsezo ndi cpio mu mtundu wa newc, n'kuipatsa QEMU bzImage ija pamodzi ndi mtolowu. Ikadzuka lembani cat /proc/version. Mzere womwe utuluke umatchula compiler ndi linker zomwe zinamanga kernel, ndipo muyenera kuona clang ndi LLD.

Apa ndi pomwe ambiri amadzinamiza, ndipo ndikufuna inu musatero. Clang ya pa Debian mukangoiitana osaiuza kanthu, imakatenga ld ya GNU, libgcc, crtbegin.o ya GCC, ndi libstdc++ ngati pulogalamu ndi ya C++. Munthu amasangalala kuti wamanga popanda GCC, chonsecho zidutswa za GCC zili m'kati mwa fayilo yake. Lembani clang -### kutsogolo kwa kafayilo kalikonse ka C, ikuonetsani zonse zomwe ikufuna kuitana osachita kanthu. Mukaona /usr/lib/gcc pamzere uliwonse, dziwani kuti simunachoke. Muyenera kuiuza momveka -fuse-ld=lld ndi --rtlib=compiler-rt, komanso kuilozera ndi --sysroot ku foda yomwe munaikamo musl. Ngakhale mutatero, china chimatsalabe. Ma Makefile a kernel ndi a BusyBox amamveka ndi GNU make yokha, ndipo make ya BSD siwatha. Choncho mungapange operating system yomwe m'kati mwake mulibe pulogalamu ya GNU, koma poimanga GNU make muifunabe. Ngakhale a Chimera amaisunga pa chifukwa chomwechi.

Mwina mufunsa kuti phindu lake n'chiyani. A FreeBSD ndi Apple chinawakankha ndi chiphaso: GCC inasamukira ku GPLv3, mtundu wachitatu wa chiphaso cha GNU chotchedwa GPL, mu 2007, iwo sanachifune, n'kukhala pa GCC 4.2.1 mpaka Clang itakhwima. Chifukwa chimenecho ife sichitikhudza kwenikweni, ndipo sindingakulimbikitseni kuchita izi chifukwa choipidwa ndi GNU. Chiphaso cha GPL ndi chomwe chinachititsa kuti mphunzitsi wa ku Ngabu akhale ndi compiler yofanana ndi ya katswiri wa ku California osalipira kwacha imodzi, ndipo chimakakamiza aliyense wogawa pulogalamu yosinthidwa kuti apereke source code yake. Phindu lomwe ine ndimaliona ndi lina. Pulogalamu yomangidwa ndi ma compiler awiri imaululika zolakwa zomwe imodzi yokha inkaziphimba. Komanso Clang imodzi yomweyo imamangira mapurosesa osiyanasiyana: mukaonjezera ARCH=arm64 pa lamulo lija, laputopu yanu ya Intel imanga kernel ya purosesa ya mtundu womwe uli m'mafoni ndi mu Raspberry Pi, pamene ndi GCC pamafunika compiler yakeyake pa purosesa iliyonse.

Tibwere ku funso la mwana uja, lomwe ndi lakuya kuposa lanu, ndipo mumuuze choncho. Clang yomwe mwaika kuchokera ku Debian inamangidwa ndi compiler ina, imeneyonso ndi ina, mpaka kale. Kumayambiriro kwenikweni anthu ankalemba manambala a purosesa pamanja, n'kupanga nawo assembler yaing'ono, n'kulembera mmenemo chida chokulirapo. Unix itayamba mu 1969 ku Bell Labs, Ken Thompson ankakonzera mapulogalamu ake pa kompyuta ina ya GE, n'kuwanyamula pa tepi ya pepala kupita nawo ku PDP-7, mpaka PDP-7 itakhala ndi assembler yakeyake. Kernel ya Unix inalembedwanso m'C mu 1973.

Thompson yemweyo, polandira mphotho ya Turing ya 1983 pamodzi ndi Dennis Ritchie, anafotokoza chinthu chomwe chikusowetsabe anthu tulo. Anati tasinthani compiler kuti ikazindikira kuti ikumanga pulogalamu ya login, iziikamo mawu achinsinsi obisika olowera. Kenako muiphunzitsenso kuti ikazindikira kuti ikumanga compiler, izikoperamo chinyengo chonsechi. Mukaimanga kamodzi, fufutani chinyengocho mu source code. Kuyambira pamenepo source code ndi yoyera, aliyense angaiwerenge mzere ndi mzere osapeza kanthu, koma compiler iliyonse yobadwa kwa iyo ili nacho. Alimi a nzimbe ku Nchalo ndi Kasinthula amachidziwa chinthu chotere. Nzimbe imadzalidwa ndi nzimbe inzake, ndipo ngati yomwe mwadula ngati mbewu ili ndi matenda obisika, munda watsopano uli nawo, ndi munda wodulidwa kuchokera mmenemo uli nawonso, ngakhale nthaka ili bwinobwino. Kusintha GCC n'kuika Clang ndi kusintha mtundu wa nzimbe, koma mbewuyo mwaitengabe m'munda wa wina.

Si nthano chabe. Mu 2009 kunapezeka kachilombo ka Induc komwe kankalowa m'zida za Delphi n'kumadzikopera m'pulogalamu iliyonse yomangidwa nazo. Mu 2015 olemba mapulogalamu ena ku China, poona kuti Xcode, chida cha Apple chomangira mapulogalamu, ikuchedwa kudawunilodeka kuchokera kwa eni ake, anaitenga m'malo ena apafupi. Inali yosinthidwa, ndipo mapulogalamu a iPhone omwe anamanga nayo, kuphatikizapo WeChat, anatuluka ndi chinyengo chomwe chinatchedwa XcodeGhost. Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa ndi momwe ifenso timachitira. Bandulo ndi yodula, netiweki imavuta, ndiye mapulogalamu amayenda pa fulashi kuchoka ku Blantyre, kutsika Thabwa, mpaka Bangula, kudzera m'manja ambiri. Sindikuti musiye kugawana. Ndikuti fayilo yobwera pa fulashi muziiyesa ndi sha256sum n'kufananiza ndi nambala yomwe eni ake anasindikiza pa tsamba lawo. Nambala imeneyo ndi mzere umodzi, siidya bandulo.

Alipo anthu omwe anaganiza zoyambiratu pansi. Jeremiah Orians analemba kapulogalamu kotchedwa hex0, kakang'ono moti munthu angakawerenge byte iliyonse ndi maso n'kutsimikiza chomwe ikuchita. Ntchito yake ndi imodzi: kuwerenga manambala a hex olembedwa ngati malemba, kudumpha ndemanga, n'kulemba ma byte ake m'fayilo. Ndi hex0 mumamanga hex1, yomwe imalola kutchula malo m'pulogalamu ndi chilembo m'malo mowerengera mtunda pamanja. Ndi hex1 mumamanga hex2, kenako M0 yomwe ndi assembler, kenako compiler ya C yosaukitsitsa yolembedwa mu assembly, kenako M2-Planet. Imeneyo imamanga GNU Mes ya Jan Nieuwenhuizen, yomwe ili ndi compiler ya C yolembedwa m'chiyankhulo cha Scheme. Mes imamanga TinyCC, compiler yaing'ono ya Fabrice Bellard, ndipo TinyCC imamanga GCC yakale. Mu April 2023 a GNU Guix, gulu losonkhanitsa ndi kugawa mapaketi a mapulogalamu, analengeza kuti mapaketi awo oposa 22,000 tsopano mizu yake ili pa kapulogalamu ka ma byte 357. Anavomerezanso poyera kuti akudalirabe kernel yomwe ikuyendetsa ntchitoyo ndi pulogalamu ya Guile yoyang'anira kamangidwe. Gulu lina la live-bootstrap likulimbana ndi mbali ya kernel, podzera pa kernel yaing'ono yotchedwa Fiwix asanafike pa Linux.

Mwaona pomwe makwerero amenewa akudzera? Pa GCC. Clang inalembedwa m'C++ yamakono, ndiye singamangidwe ndi TinyCC kapena compiler ina ya C yokha. Pamafunika mlatho wochoka ku C kupita ku C++, ndipo GCC mpaka pa 4.7 inalembedwa m'C koma imatulutsa compiler ya C++. Kuyambira pa 4.8 mu 2013 nayonso inayamba kufuna C++. Choncho wofuna Clang yomwe angaitsate mpaka pa byte yoyamba, njira yomwe yayendedwa kale imamudutsitsa pa GCC yakale, kenako GCC yatsopano, ndiye n'kufika pa Clang. Wofuna kupewa GCC kotheratu ayenera kulandira Clang yomangidwa kale ndi munthu wina n'kuikhulupirira. Zonse ziwiri nthawi imodzi simungazipeze lero. Kukhala ndi ma compiler awiri kumathandizabe pa nkhani ya Thompson, chifukwa David A. Wheeler anaonetsa mu 2005 kuti mukamanga source code ya compiler ndi compiler ina yosagwirizana nayo, n'kugwiritsa ntchito chotulukacho kumanganso source code yomweyo, fayilo yomaliza iyenera kufanana byte ndi byte ndi yomwe munapatsidwa. Zikasiyana, pali chofunika kufufuza.

Makwerero onse a hex0 mpaka GCC yatsopano amatenga maola ambiri ndipo si ntchito ya m'kalasi. Koma mwana uja mungamuyankhe ndi manja ake mu piriyodi imodzi. Kompyuta ya x86 ikamadzuka kudzera pa BIOS, kapulogalamu ka m'makina momwemo koyamba kugwira ntchito mukayatsa, imawerenga ma byte 512 oyamba a diski, ndipo ikapeza kuti awiri omaliza ndi 55 AA imayamba kuwatsata ngati pulogalamu. Tsegulani hex editor iliyonse, monga hexedit, ana alembe ma byte 10 awa: B4 0E B0 4E B7 00 CD 10 EB FE. B4 0E ikusankha ntchito ya BIOS yolemba chilembo, B0 4E ikupereka chilembo N, B7 00 ikusankha tsamba loyamba la sikirini, CD 10 ikuitana BIOS, ndipo EB FE ikuuza purosesa kuti izingozungulira pomwepo. Atsatize ma byte 500 a 00, amalize ndi 55 AA, ndipo fayiloyo muipatse QEMU ngati diski ya mtundu wa raw. Pa sikirini patuluka N, popanda compiler, popanda assembler, popanda operating system pansi pake, ngakhale hex editor ndi BIOS zikadali zida za ena, ndipo mwana wochenjera akuuzani zimenezo yekha. Kenako apatseni tebulo la ASCII loonetsa nambala ya chilembo chilichonse, aliyense alembe dzina lake pobwereza B0, nambala ya chilembo, ndi CD 10 asanafike pa EB FE, akumachotsa ma 00 anayi pa chilembo chilichonse chomwe awonjezera kuti fayilo ikhalebe ya ma byte 512.